Mantha oyamba geni sachoka ndi mawu akuti "limba mtima"

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene nyuzipepala ndi mawailesi mukuikonda masiku ano, yolimbikitsa amayi ndi achinyamata kuyamba mabizinesi. Ndimawerenga, ndipo cholinga chake sindikutsutsa. Koma pafupifupi nthawi zonse mumationetsa munthu atafika kale: waima kutsogolo kwa shopu yake, galimoto ili pambali, ndipo uphungu wake ndi wakuti tizidzikhulupirira. Munthu wamantha akawerenga zimenezo mantha ake amangokula, chifukwa amaona ngati mnzakeyo anabadwa mwa mtundu wina. Ine ndimagulitsa usipa. Ndimakhala ku Makawa, m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, ndipo chimene ndaona kuno n'chakuti mantha oyamba geni amachoka munthu akaima pafupi ndi mnzake amene akuichita kale, n'kuona ndi maso ake mmene ndalama imalowera ndi mmene imatulukira.

Chandilembetsa kalatayi ndi chimene chachitika m'gulu lathu la banki m'khonde. Lamulo lathu linali lakuti aliyense azikongola kuti thumba likule, ndipo pa K100 iliyonse umabweza ndi K20 pamwamba mwezi ukatha. Mtsikana wina wa m'gululi, wa ana awiri, mwamuna wake ali ku Joni, anatenga K50,000 kuti akayambe geni ya tomato ndi anyezi. Mwezi utatha anabweza K60,000 pa tsiku lake, tonse tinamuombera m'manja. Tili panjira yobwerera kunyumba m'pamene anandiululira kuti ndalama ija sanaikhudze n'komwe. Inangokhala m'kachikwama pansi pa matiresi, ndipo K10,000 ya pamwambayo anachotsa pa ndalama ya ufa imene bambo akunyumba anatumiza. M'mawa uliwonse ankadzuka ndi mtima wopita kukapikula, koma akafika pasiteji miyendo inkalemera, n'kubwerera. Mtsikanayu si waulesi. Amalima, amatunga madzi, amalera ana yekha. Ndafunsafunsa m'magulu ena, ndapeza kuti sali yekha. M'buku la gulu mumalembedwa kuti ngongole yabwezedwa, aliyense amasangalala, koma geni sinachitike ndipo pakhomo pachoka ndalama ya chakudya.

Mantha amenewa inenso ndimawadziwa. Ndinkagwira ntchito yochapa ndi kusita pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno. Mu 2020 matenda a Covid-19 atafika, alendo anasiya kubwera, misonkhano ya maofesi imene inkadzaza zipinda inaima, ndipo ambiri tinauzidwa kuti tikadikire kunyumba. Ndinali ndi kandalama kochepa, ndipo munthu wa kunyanja geni yake yapafupi ndi nsomba. Koma usiku ndikagona mafunso ankandizinga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, nanga masamu a geni ndidzawatha? Asodzi a usipa ambiri ndi Atonga ochokera ku Nkhata Bay, ena ndi Ayao, amanenerera mitengo mofulumira m'zilankhulo zawo, kodi ine ndikafika sadzandipusitsa? Funso lalikulu kuposa onse linali lochititsa manyazi kulitchula: anthu amene ankandiona ndili m'yunifomu, n'kumanditcha amayi a kuhotela, adzati chiyani akandipeza ndakhala pansi ndikuingitsa ntchentche pa milu ya usipa?

Funso lomalizali ndikufuna owerenga alilingalire, chifukwa timalinyalanyaza. Boma lathu lino la Mangochi limadziwika ndi anyamata opita ku Joni. Mnyamata amagulitsa njinga, amakongola kwa amalume, n'kukwera basi kudutsa Mozambique ndi Zimbabwe mpaka ku Beitbridge, ena mapepala osakwanira. Akudziwa kuti mu 2008 ndi mu 2015 alendo anamenyedwa kumeneko, ndipo mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Akudziwa za ku Lindela, kumene amasunga ogwidwa asanawabweze kwawo. Amapitabe. Akafika ku Johannesburg kapena ku Durban amagwira ntchito iliyonse, kusamalira maluwa, kutsuka magalimoto, kugulitsa pamsewu. Mnyamata yemweyo muuzeni ayike chiwaya pa Makawa pano kapena azigulitsa nthochi padepoti ya paboma, akana. Ndiye tinene kuti munthu ameneyu alibe mtima wolimba? Ali nawo, wochuluka. Chimene akuthawa ndi maso a anthu omudziwa. Ku Joni akalephera palibe womuseka. Kuno akalephera, nkhani imafika pamjigo dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake ndimati kumuuza munthu wotere kuti limba mtima kuli ngati kumupatsa mankhwala a matenda amene sakudwala.

Amene anandithandiza ine ndi mayi wina wachikulire woyandikana naye nyumba, amene tonse timawatcha anganga. Geni ya nsomba anaiyamba chambo chidakali chambiri m'nyanja ya Malombe, ndipo kulemba sadziwa. Ndinawauza maganizo anga mochita kuzungulira. Iwo anangoti, "Mwananga, ndalama zakozo usiye kunyumba. Mawa udzandinyamulire beseni." Ndinawanyamulira beseni kwa nthawi ndithu, osagula kanthu, osagulitsa kanthu, kumangoyang'ana.

Tinkafika padoko kusanache. Nthawi zina tinkakagona ku Msaka kapena ku Malembo, kwa Nankumba, kumene usipa umatuluka wambiri. Usipa amaupha usiku ndi khoka lotchedwa chilimira, atauitana ndi nyali zimene siginala, msodzi wotsogolera anzake, amayatsa pabwato lake, choncho anganga asanayang'ane nsomba ankayang'ana kaye kumwamba. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka, usipa umatuluka wochepa ndipo mtengo umakwera. Mdima ukabwerera umachuluka. Mwera ukaomba, makamaka mu Juni ndi Julayi, asodzi amakhala kumtunda, ndipo amene anasunga usipa wouma m'nyumba ndiye amagulitsa bwino. Boti loyamba likamafika, amayi ankalithamangira, madzi mpaka m'mawondo, aliyense akuponya beseni kuti agwire malo. Anganga ankangoima pamchenga n'kumawerenga maboti amene akubwera m'mbuyo. Akaona kuti ndi ambiri ankadikira, pakuti boti lachisanu siligulitsa mtengo wa boti loyamba. Pogula ankapisa dzanja mpaka pansi pa ndowa n'kutulutsa wa pansiwo. Wa pamwamba nthawi zonse umanyezimira. Wa pansi ukakhala wofewa, mimba zitaphulika, ndiye kuti unaphedwa kumayambiriro kwa usiku ndipo pathandala udzangofumbutuka. Ankaubwezera mwakachetechete, osanyoza mwini wake, n'kupita pa boti lina.

Koma chimene chinandichotsa mantha kwambiri ndi kawerengedwe kawo. Ankayambira kumsika n'kumabwerera chakunyanja. Choyamba ankaimbira foni mnzawo amene ali ku Limbe kapena ku Liwonde, kufunsa kuti usipa wadzuka bwanji lero. Akamva, ankatola timiyala n'kutiika pachitenje, kamwala kalikonse kakuimira ndalama yakutiyakuti, kenako n'kuyamba kuchotsa. Aka n'ka thandala, poti eni ake amachita kubwereketsa. Aka n'ka nkhuni ndi mchere ngati tifutsa, kapena mafuta ngati tikazinga. Aka n'ka anyamata onyamula. Aka n'ka thiransipoti, ya munthu payokha, ya katundu payokha. Aka n'ka chiphaso cha msika, aka n'ka nsima ya paulendo. Ankachotsanso ka usipa wofumbutuka ndi ka basera, n'kundikumbutsa kuti ndowa yodzaza ndi usipa wauwisi sikhalanso yodzaza ukauma. Timiyala totsala ndi timene tinkawauza mtengo wogulira. Msodzi akapitirira pamenepo, anganga ankabwerera kunyumba beseni lili gwa, mtima uli m'malo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati siziwapweteka kubwerera chimanjamanja. Anati, "Mpamba wanga wonse ndabwera nawo. Iwe ukuti chimanjamanja?" Pamenepo ndinaona kuti masamu ndinkawaopa aja ndi kuchotsera basi, kumene mwana wa Sitandade 3 amakudziwa. Chinkandisowetsa tulo chinali chakuti sindinkadziwa zinthu zoti ndichotse, ndipo zimenezo palibe amabadwa akuzidziwa.

Nthawi yoti ndigule wanga itakwana, anandiletsa kupita ku Limbe. Anati ndiyambe ndi ndalama yoti ngakhale usipa wonse utaola ana anga adyabe mwezi umenewo, ndipo ndikagulitse ku Namwera. Ndi m'boma lomwe lino, ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri a ku Chowe, koma ndi kumtunda, kutali ndi madzi, kotero nsomba imapatsidwa ulemu. Ulendo wake umabwerako tsiku lomwelo, ndiponso kunalibe ondidziwa ambiri. Izi anganga anaziganizira dala, ngakhale za manyazi anga sindinawauzepo. Anakhala pambali panga ndi katundu wawo. Nditayala thumba n'kuika milu, manja ankanjenjemera, mawu oitanira makasitomala anakanirira pakhosi. Mayi woyamba anafika, anatola kausipa kamodzi, kukathyola pakati, kukanunkhiza, n'kufunsa mtengo. Ndinatchula chapansipansi, mopepesa. Anganga anandigunda ndi chigongono. "Tchula bwino, sunabe." Ndinatchulanso mokweza, mayi uja anagula milu iwiri, ndinamuikira basera, n'kumapita.

Phindu la tsiku limenelo linali laling'ono, la sopo ndi shuga. Mantha sanathere pomwepo, koma anasintha. Ndinasiya kudzifunsa ngati ndine munthu woyenera geni, ndinayamba kudzifunsa ngati mawa kudzakhale dzuwa lokwanira kuumitsa, ngati lole ya ku Liwonde inyamuka m'mawa. Mafunso otere ali ndi mayankho, ndipo ukawayankha umagona. Patapita miyezi, ndikugulitsa paboma, anzanga a kuntchito kuja anandipeza. Ena anaseka, inde, ndipo zinandipweteka. Mmodzi anabwerera madzulo kudzafunsa kuti ndinayamba bwanji.

Pali chinanso chimene chimakulitsa mantha kuno kwathu, ndipo tisachite ngati sitikuchidziwa. Munthu geni ikamuyendera timati wakhwima, ali ndi zizimba. Ikamugwera timati amuchita chitaka. Wongoyamba kumene akamva zimenezi amaganiza kuti popanda kupita kwa sing'anga palibe chake, ndipo ena amathera mpamba kumeneko asanagule ngakhale chigoba chimodzi. Sindikufuna kukangana ndi chikhulupiriro cha munthu, ndingonena zimene ndaona. Amayi amene anabwera kwa ine akulira kuti ndalama zikusowa m'chikwama, titakhala pansi n'kuwerenga, tinapeza ndiwo za pakhomo zotapidwa pa katundu, ngongole za achibale zosalembedwa, mayunitsi, chipepeso cha pamaliro, kufupa pachinkhoswe, zonsezo zikuchokera m'thumba limodzi ndi mpamba. Ine ndalama ya geni ndimaisunga pafoni, ku Airtel Money, ya pakhomo payokha, ndipo ndili ndi kope limene ndimalembamo ngakhale mulu umodzi umene ndapatsa achemwali anga. Ndalama ikachepa ndimatsegula kopelo, ndipo ndimapeza kumene yapita.

Kwa ife amayi palinso mantha amene si ongoganizira. M'madoko ena nsomba zikachepa pamapezeka asodzi ofuna thupi la mayi kuti amugulitse iyeyo poyamba kapena amukongoze, ndipo azaumoyo akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mchitidwewu umafalitsa HIV m'mbali mwa nyanja. Chifukwa cha zimenezo mayi aliyense wogula nsomba amanenedwa, ndipo abambo ena amaletsa akazi awo kuponda padoko. Amene amakodwa kawirikawiri ndi mayi wobwera yekha, wosadziwa munthu, ndalama yake ili yangongole yoti abweze Lachisanu. Amayi ofika anayi, atasonkha ndalama n'kugula pamodzi, kulipira pompopompo, palibe amawalankhula zopusa. Madoko ambiri alinso ndi komiti ya m'mbali mwa nyanja, ija timati BVC, imene imayang'anira za padoko, koma mlendo sangadziwe kuti wapampando wake ndi uti pokhapokha wina amusonyeze.

Sindikunena kuti mantha onse ndi oipa. Ena ndi nzeru, ndipo olimbikitsa anthu amalakwitsa akamawaika onse m'thumba limodzi. Mtima ukakana katapila, umvereni. Phindu la usipa silingapikisane ndi chiwongoladzanja cha anthu amenewo, ndipo ndaonapo mabanja akulandidwa katundu wa m'nyumba. Mtima ukakayika za mitengo, uli ndi chifukwa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mafuta a injini, mafuta ophikira ndi thiransipoti zinakwera motsatizana. Amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale anakapeza kuti ndalama yonse, ndi phindu lomwe, sikukwanira ndowa zimene ankagula kale. Wogulitsa aziika mtengo poyang'ana mmene akapikulire mawa, osati mmene anapikulira dzana. Nyanja nayo ili ndi malire ake. Akuluakulu amakumbukira mmene chambo chinathera mu Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, mpaka mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi eni ake. Lero mu Novembala ndi Disembala nyanja ya Malawi imatsekedwa kwa zida zina zophera kuti chambo chiswane, ndipo wonyamula nsomba zoletsedwa akhoza kulandidwa katundu panjira. Wongoyamba akadziwa zimenezi amakonzekeratu miyezi yoti asinthe geni, agulitseko mango kapena ufa, adikire.

Pempho langa loyamba likupita kwa anzanga amene tinakhazikika pa geni. Timabisa kwambiri. Wina akafunsa kumene timapikula timamusocheretsa, poopa kuti atilanda makasitomala. Koma usipa wa m'nyanja ino umadyedwa mpaka ku Mulanje, ku Ntcheu ndi ku Lilongwe. Mtsikana mmodzi wa beseni limodzi angatilande msika wonsewo? Aliyense wa ife atamatenga munthu mmodzi pachaka, kumunyamulitsa beseni, kumuonetsa kawerengedwe, ngongole zobwerera osagwira ntchito zikhoza kuchepa. Mtsikana wa tomato uja panopa amapita kukapikula limodzi ndi mayi wina wa m'gulu mwathu amene wakhala pa geni imeneyo zaka zambiri, ndipo tinagwirizana kuti asakakamizidwe kukongola mpaka atanena yekha kuti wakonzeka. Magulu ena a banki m'khonde aliunikenso lamulo lokakamiza ngongoleli. Kwa amene akuopa chiwongoladzanja, kapena amene chipembedzo chawo sichilola, monga abale athu achisilamu ambiri kuno, chipereganyu chilipo: mumasonkha, mumapatsana mosinthana, ndipo umabweza chimene unalandira basi.

Mabungwe obwereketsa ndalama, ndi ophunzitsa ntchito zamanja monga TEVETA, ndikanakonda kuti wolandira ngongole kapena satifiketi azimulumikiza ndi munthu wa pamsika weniweni kwa miyezi ingapo, kuti tsiku lake loyamba asakhale yekha. Ku Mpwepwe tili ndi sukulu ya zausodzi, Malawi College of Fisheries, ndipo ku Monkey Bay kuli ofesi yofufuza za nsomba. Nzeru youmitsira usipa m'matenti a pulasitiki, mmene ntchentche ndi mvula sizifika, inayesedwa m'madoko a boma lomwe lino, ndipo usipa wake umatuluka woyera, wopanda mchenga. Amayi ambiri ongoyamba sanamvepo za izi. Uthenga wotere uzifika m'magulu a banki m'khonde, m'mizikiti ndi m'matchalitchi, kumene amayiwo amakumana kale.

Inunso a Mkonzi, pa tsamba limene mumaika chithunzi cha wochita bwino muzitiikirako masamu a geni imodzi. Wa mandasi amagula ufa wochuluka bwanji, amatulutsa angati, nkhuni ndi mafuta zimadya zingati, chimatsala n'chiyani. Sabata ina mtolankhani akhale ndi wa kabaza, sabata ina wa kaunjika, ina telala. Afunsenso amene anagwapo n'kudzuka, anene chimene chinawagwetsa ndi mwezi umene chinawagwetsera. Munthu wamantha akawerenga zimenezo atenga pensulo n'kuyamba kuwerengetsa zake.

Kwa amene akulingalira za usipa chaka chino, nthawi yabwino yophunzirira ndi ya dzuwa, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene usipa suchedwa kuuma pathandala. Musayambire m'dzinja. Mitambo ikangophimba masiku awiri katundu amaola, ndipo kufutsa kumafuna nkhuni zambiri ndi dzanja lozolowera. Pitani kaye padoko opanda ndalama, mupeze mayi amene khalidwe lake mukulidziwa, mumupemphe kuti muzimunyamulira. Ambiri mwa ife sitikana munthu wobwera mwaulemu.

Mayi wogulitsa usipa,
Makawa, Mangochi